Buku la msungichuma mu foni: zolemba za ntchito, Okutobala mpaka Disembala 2024

Okutobala, sabata yoyamba

Pulogalamu yathu tsopano ikugwiritsidwa ntchito m'mabungwe atatu a maliro: la ku Mbare, la ku Highfield ndi la ku Mabvuku, onse mu mzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe. Onsewa ndi a anthu akwathu, ana ndi zidzukulu za makolo amene anabwera kuno kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale, ena nthawi ya Chitaganya, ena chisanayambe n'komwe. Ntchito ya pulogalamuyi ndi imodzi basi: kulemba kuti wasonkha ndani, zingati, liti, ndipo watsalira ndani. Timu ndi yochepa. Olemba khodi, ndiye kuti omanga pulogalamuyo, alipo awiri: wa Android, wopanga za pa foni, ndi wa seva, kompyuta yosunga zonse pa intaneti. Pali mtsikana wojambula maonekedwe, yemwenso amayesa chilichonse tisanachitulutse. Ine yanga ndi kusankha chimene tipange ndi chimene tisiye. Zolembazi ndikuzisunga kuti mwezi ukatha pasapezeke wofunsa kuti tinagwirizana liti zimenezi.

Sabata ino mutu wonse uli pa ndalama. Pa 27 Sepitembala banki yaikulu ya dziko lino inagwetsa mphamvu ya ZiG, ndalama ya Zimbabwe, kuchoka pafupifupi pa 14 kufika pa 24 ndi kadontho pa dola imodzi ya ku America. Paja ndalamayi yangoyamba mu Epulo chaka chomwechino. Pofika Lolemba m'mawa abambo wapampando wa ku Highfield anali atatumiza kale uthenga wakuti pulogalamu izionetsa zonse m'madola, anthu akusokonezeka. Wa seva anati n'zosavuta, atenga reti, mtengo wosinthira ndalama, ya tsikulo pa intaneti, awerengetsa, ntchito ya theka la tsiku.

Ndakana. Tengani agogo amene anapereka ZiG 70 pakati pa Sepitembala, pamene zinali zokwanira madola 5, chopereka cha mwezi wathunthu. Mukazisintha ndi reti ya lero zituluka madola 2.87, ndiye kuti foni ikuuza gulu lonse kuti agogowo ali ndi ngongole, chonsecho analipira zonse. Anthu amenewa anaona ndalama zawo zikusungunuka mu 2008, analandira ma bond note, ndalama zapepala zoimira dola, mu 2016, anaona madola a m'banki atasanduka RTGS, ndalama ya dziko lino yochepa mphamvu, mu 2019. Makina akangowanamizira kamodzi sadzawamveranso, ndipo ine sindingawadzudzule.

Tagwirizana chonchi. Mzere uliwonse uzisunga mtundu wa ndalama imene munthu wabweretsa, kuchuluka kwake, reti imene bungwe lagwirizana tsikulo, ndi miyezi imene ndalamayo yatseka. Ngongole iziwerengedwa m'miyezi, osati m'ndalama. Walipira Sepitembala walipira, kaya ndalama itani mawa. Retiyo azilemba yekha msungichuma, chifukwa ya kubanki ndi ina, ya mumsewu ndi ina, ndipo bungwe lililonse limamanga yake pokweza manja pa msonkhano. Ntchito ya theka la tsiku ija yadya sprint yonse, nthawi yonse imene tinaikira gawo lino la ntchito. Zina zonse zidikire.

Okutobala, Lamulungu

Tinapita ndi wojambula maonekedwe kukakhala nawo pa msonkhano wa ku Mbare, kuseri kwa tchalitchi mapemphero atatha. Pa maulendo otere tili ndi lamulo: osafotokoza pulogalamu, osathandiza munthu akakakamira, osafunsa kuti akanakonda chiyani. Kumangoyang'ana manja ake. Munthu wakwathu ukamufunsa ngati chinthu chako chamusangalatsa, akuyankha mwaulemu kuti chili bwino zedi, ndipo ubwerera kunyumba ndi ulemuwo, wosaphunzira kanthu.

Amayi msungichuma amakhala pa katebulo, buku lachikuto chakuda patsogolo, rula pamwamba pake, chitini cha mabisiketi pamiyendo. Mlembi aitana dzina. Mwini dzina abwera, aika ndalama pa tebulo, osati m'manja. Amayi aja aiwongola, ikakhala ya madola 10 aiyang'ana pa dzuwa, kenako atsetseretsa rula mpaka pa mzere wa munthuyo. Foni inali pambali nthawi yonseyi, sanaikhudze mpaka anthu atatha. Pamenepo m'pamene anavala magalasi n'kuyamba kukopera za m'buku, dzina ndi dzina.

Chifukwa chake chinaonekeratu. M'buku mayina ali monga mmene anthu analowera bungwe, ndipo amayiwa amadziwa kuti uje ali m'munsi mwa tsamba lachitatu asanawerenge n'komwe. Mu foni mayina ali mwa alifabeti, mayina ake a pa chitupa, pamene pa msonkhano anthu amatchulana ndi mfunda kapena dzina la mwana woyamba. Wina anabweretsa madola 10, chenji panalibe monga mwa masiku onse kuno, amayi n'kulemba kanambala ndi pensulo m'mphepete kuti walipiriratu Novembala. Mnyamata wina analipirira anthu anayi pakamodzi: amayi ake, agogo ake, ndi amalume awiri amene ali ku famu ku Norton. M'buku zinatha mumphindi imodzi. Mu foni n'kufufuza kanayi.

Zonsezi tingathe kuzikonza, ndipo makadi ake, timapepala ta ntchito toika pa bolodi lathu, ndalemba. Chachikulu amayi msungichuma anachinena tikutsazika. «Mwana wanga, bukuli aliyense akhoza kulitsegula. Foniyi ndimaiona ndekha. Tsiku limene adzanene kuti ndadya ndalama, ndidzawaonetsa chiyani?»

Wopikisana naye wathu si pulogalamu ina ayi, ndi buku lachikuto chakuda lija, ndipo mphamvu yake si liwiro koma kuti lili poyera. Msungichuma wa bungwe la maliro sagwira ntchitoyi pofuna malipiro. Chimene amateteza ndi dzina lake. Choncho ndasintha ndondomeko ya miyezi itatu ikubwerayi. Patsogolo pabwere zinthu ziwiri: lisiti la pa SMS lopita kwa mwini ndalama nthawi yomweyo, ndi pepala la mwezi limene angakasindikize pa shopu n'kulipachika pamene aliyense aliwerenge. Bukulo silichoka, ndipo tisiye kulankhula ngati tikufuna kulichotsa.

Okutobala, sabata yomaliza

Backlog, mndandanda wa ntchito zodikira, yatupa. Abambo wapampando wa ku Mabvuku akufuna malo olengezera maliro. Achinyamata akufuna kucheza mu pulogalamu momwemo. Azimayi a ku Highfield ali ndi kagulu kobwereketsana ndalama ndipo akuti tiwaikiremo. Wina wapempha zithunzi za omwe anatisiya. Ndipo aliyense, aliyense ndithu, akufunsa kuti tidzayamba liti kulipira pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, mu pulogalamumo. Pa bolodi panali makadi asanu ndi awiri olembedwa kuti akupangidwa, anthu olemba khodi ali awiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Wa Android anabweretsa njira ya RICE, ija inachokera ku kampani ya Intercom: uchulukitsa chiwerengero cha anthu amene chinthu chiwafikire, kukula kwa kusintha kumene chibweretse, ndi mmene ukutsimikizira, kenako ugawa ndi kukula kwa ntchito. Tinayesa. Maganizo anga ndi akuti ukakhala ndi mabungwe atatu okha, manambalawo amakhala zongoganizira zovala jekete. Komabe gawo limodzi linatithandiza, la kutsimikiza lija. Titafunsana kuti uyu wapempha chinthuchi tinamuona akuvutika nacho kapena anangonena, makadi ambiri anagwa okha. Zolengeza maliro zikuyenda kale bwinobwino pa WhatsApp, uthenga umafika ku Mufakose ndi ku Johannesburg ola lisanathe. Palibe chifukwa chomangira china.

Taikanso malire pa bolodi, monga imaphunzitsira Kanban imene inayambira m'mafakitale a Toyota: makadi awiri okha pa malo a zimene zikupangidwa. Kufuna kuyamba lachitatu, maliza limodzi kaye. Wa seva sanakondwe, akuti akakakamira podikira yankho azingokhala. Ndamuuza kuti akakakamira azithandiza kuyesa.

Za EcoCash ndilembe motalikirapo, poti funsoli lidzabweranso. EcoCash ilipo kuyambira 2011, *151# aliyense amaidziwa pamtima, ndipo pali njira ngati Paynow zolumikizira malipiro ku pulogalamu. Kumbali ya khodi n'zotheka. Funso ndi lakuti ndalamazo zigwere mu akaunti ya ndani. Zikagwera mwathu, tayamba kusunga ndalama za anthu, ndipo imeneyo ndi ntchito yoyang'aniridwa ndi Reserve Bank of Zimbabwe. Tikadzangowonjezera lonjezo loti munthu akamwalira tipereka zakuti, talowa m'bwalo la inshuwalansi, loyang'aniridwa ndi bungwe la IPEC, kumene kuli makampani a maliro a Nyaradzo ndi a Doves okhala ndi magalimoto, mabasi ndi nyumba zachisoni zawozawo. Timu ya anthu anayi ilibe chokachita kumeneko. Ndiponso mamembala ambiri ali nayo kale polise ku makampaniwo, koma bungwe salisiya, chifukwa kampani imabweretsa bokosi ndi basi, pamene bungwe limabweretsa anthu ophika, oimba, ogona pa siwa. Palinso msonkho wa IMTT, umene mu Okutobala 2018 unakwera kufika masenti awiri pa dola iliyonse yotumizidwa pa makina. Pa chopereka chaching'ono anthu amawerengera senti iliyonse, ndipo ambiri amakonda kubwera nayo dola m'manja.

Tatseka nkhaniyi motere: ndalama sitigwira. Wolipira pa foni azitumiza ku nambala ya bungwe monga akuchitira kale, msungichuma alembe mu pulogalamu kuti zabwera pa foni, ndi nambala ya chitsimikizo. Khadi la EcoCash ndalichotsa pa bolodi, osati kulitsitsa m'munsi. Khadi likakhala m'munsi anthu amaliona ngati lonjezo.

Novembala, sabata yoyamba

Magetsi akuzima maola ambiri, madzi ku Kariba ndi ochepa chifukwa cha chilala cha chaka chino. Wa seva amakhala ku Dzivarasekwa ndipo akugwira ntchito usiku magetsi akabwera. Stand-up, kamsonkhano kathu ka m'mawa uliwonse, yafa yokha. Tsopano aliyense azitumiza mawu pa WhatsApp isanakwane 10 koloko, osapitirira mphindi imodzi: ndamaliza chakuti, ndikupanga chakuti, chanditsekereza chakuti. Lachinayi lokha m'pamene tizikumana maso ndi maso m'tauni. Scrum Guide imanena za msonkhano wa mphindi 15 tsiku lililonse, koma cholinga chake n'chakuti timu idziwane pamene ili, ndipo chimenecho chikutheka.

Novembala, sabata yachiwiri

Malisiti a SMS atuluka. Ku Highfield agogo ena akuti anaonetsa foni yawo, kaja kakang'ono ka mabatani anzathu kuno amati kambudzi, kwa aliyense amene anakhala nawo pafupi.

Bilu ya mauthenga inabwera yokwera kuposa mmene tinawerengera, ndipo wojambula maonekedwe ndi amene anagwira chifukwa chake. SMS imodzi imanyamula zilembo 160 ngati zonse zili m'gulu la zilembo wamba lotchedwa GSM-7. Mukangolowa chilembo chimodzi chachilendo, uthenga wonse umasamukira ku gulu lina lotchedwa UCS-2, kumene malire ndi zilembo 70, ndiye lisiti limodzi limaduka pawiri kapena patatu, chidutswa chilichonse n'kulipiritsa pachokha. Mauthenga a Chishona ankapita bwino. A Chichewa ankaduka, chifukwa analembedwa koyamba mu Word, imene imapinda kachizindikiro ka mu ng' ndi m', ndipo kopindikako mu GSM-7 mulibe. Chilembo cha ŵ nachonso mulibe. Wa seva waika kasefa kowongola zizindikirozo uthenga usanapite, ndi mayeso amene azikuwa lisiti likapitirira 160.

Tinakambirana zotumiza malisiti pa WhatsApp, poti anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha. Vuto n'lakuti pa WhatsApp Business, ukafuna kuyamba ndiwe kulembera munthu amene sanakulembere m'maola 24 apitawa, umayenera kugwiritsa ntchito uthenga wovomerezedwa kale ndi Meta, wolipira. Kuwonjezera apo, amene akufunikira lisiti kwambiri ndi achikulire a timafoni ta mabatani. SMS ikhale. Za zilankhulo, membala aliyense azisankha yekha. Agogo akufuna Chichewa, zidzukulu zambiri zobadwira ku Mbare zimawerenga Chishona msanga. Zonse ziwiri zili m'gulu la zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a 2013 amazivomereza, koma ife sitikutsata zimenezo ayi, tikutsata amene akuwerenga lisiti.

Novembala, sabata yachitatu

Kwagwa zovuta ku Mabvuku. Abambo ena a m'bungwe anatisiya Lachiwiri atadwala nthawi yaitali. Aka n'koyamba kuti pulogalamu ikumane ndi ntchito imene bungwe linakhazikitsidwira.

Komiti inakumana usiku pa siwa pomwepo. Lamulo la bungwelo limati wotsalira kupitirira miyezi itatu salandira thandizo lonse. Foni inaonetsa miyezi inayi. Amayi msungichuma anatsegula buku, m'mphepete munali mawu a pensulo akuti ali m'chipatala, ndipo aliyense pa komitipo ankadziwa kuti malemuwa anakumba nawo manda a anthu ambiri a m'bungwemo kwa zaka zosawerengeka. Anagamula kuti thandizo liperekedwe lonse, ngongole ichotsedwe pa ndalamazo. Nkhani inatha mwamtendere.

Pa bolodi pathu panali khadi lakuti pulogalamu izinena yokha ngati membala ali woyenera kuthandizidwa, chobiriwira kapena chofiira. Linkaoneka lanzeru, ndipo abambo wapampando wa ku Highfield ndi amene analipempha. Ndaliganizira usiku umenewo: chizindikiro chofiira pa dzina la malemu, pa foni yoyenda m'manja mwa anthu pa siwa, namfedwa ali pomwepo. Komiti ikanagamula chimodzimodzi, koma ikanaoneka ngati ikuphwanya chigamulo cha makina, ndipo amene sakondana ndi banjalo akanapeza pogwira. Khadilo lachoka. Pulogalamu izingonena miyezi, ndipo taikapo malo olembapo mawu pafupi ndi dzina, pensulo ya m'mphepete ija. Kugamula n'kwa anthu.

Abale ena ankafuna thupi lipite kumudzi ku Ntcheu. Njira yake ndi ya ku Nyamapanda, kudutsa Tete, kukatulukira pa Zobue ndi Mwanza, zipata ziwiri ndi mapepala ake, ndipo panopa ku Mozambique kuli zipolowe zotsatira chisankho cha mu Okutobala. Atawerengera mtengo anagwirizana zoika konkuno.

Maliro amenewa atiululira dzenje lina. Chipepeso sichili ngati chopereka cha pamwezi. Chimabwera m'mbale, china ndi thumba la ufa, kabichi, nkhuni, china pa Mukuru kuchokera kwa mwana amene ali ku Johannesburg. Chimalembedwa m'kope la sukulu ndipo mayina amawerengedwa pagulu anthu akabwerako kumanda. Mlembi, pofuna kutithandiza, analowetsa zina mwa ndalamazi mu pulogalamu, ndipo poti malo ena panalibe, zinalowa ngati zopereka za pamwezi. Anthu ena anaoneka ngati alipiriratu mpaka chaka chamawa. Tikumanga buku lachiwiri la chipepeso, lotsegulidwa pa maliro alionse n'kutsekedwa akatha, lolola kulemba katundu popanda kumuika mtengo. Thumba la ufa lilembedwe thumba la ufa. Ili ladumpha mzere wonse, pepala la mwezi lokha ndi limene lili patsogolo pake.

Novembala, sabata yomaliza

Bug yovuta, cholakwika cha mu pulogalamu. Ku Highfield mlembi ndi msungichuma onse ali ndi pulogalamu, ndipo imagwira ntchito popanda netiweki, n'kudzatumiza ku seva bandulo ikapezeka. Msungichuma anakonza mzere wina kuchoka pa madola 5 kufika pa 10. Mlembi, osadziwa, anaufufuta mzere womwewo poganiza kuti unalembedwa kawiri. Mafoni atakumana pa seva, ndalama ya munthu inasowa.

Njira yachidule imene mapulogalamu ambiri amatsata ndi yakuti wolemba pomaliza ndiye wapambana. Kuno singagwire, chifukwa wotchi ya foni siyodalirika. Foni ya mlembiyo batire ikatheratu imadzuka ili m'chaka china. Koma ngakhale wotchi ikanakhala yolondola, m'buku la ndalama za gulu simuyenera kukhala chofufutira. Amayi a ku Mbare akalakwitsa amadula mzere ndi rula, kulemba zolondola pansi pake, n'kusayina, cholakwikacho chikuonekabe. Pulogalamu ichite zomwezo. Batani lofufutira lachoka. Kukonza kulikonse ndi mzere watsopano wonena amene wakonza ndi chifukwa chake, ndipo mwini ndalama azilandira SMS. Mzere uliwonse uzibadwa ndi nambala yakeyake pa foni pomwepo, kuti ukatumizidwa kawiri netiweki ikadukiza, seva iuzindikire.

Wa Android akuti zimenezi zikutanthauza kugwetsa ndi kumanganso mbali yaikulu ya mmene timasungira zinthu pa foni, masabata awiri mwina atatu. Ndavomera. Buku la chipepeso lichedwa, ndipo ndawaimbira a ku Mabvuku kuwauza ndekha asanamve kwa wina.

Disembala, sabata yoyamba

Tikukonzekera kulandira bungwe lachinayi, la ku Mufakose, ndipo polembetsa mamembala panabuka za nambala ya chitupa. Wa seva ankafuna ikhale yokakamiza, kuti munthu asalembedwe kawiri. Kumbali ya database, mosungira mayina pa kompyuta, akunena zoona. Koma mwa anthu athu muli achikulire amene zitupa zawo zinalembedwa kuti ndi alendo ngakhale anabadwira konkuno, ndipo ngakhale malamulo a 2013 anatsegula njira ya unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, si onse anakasintha mapepala. Ena a m'mafamu alibiretu. Kufunsa nambala ya chitupa pakhomo n'kuthamangitsa anthu omwe bungwe linapangidwira. Tizigwiritsa ntchito nambala ya m'buku la bungwe, imene aliyense ali nayo kale.

Palinso phindu lina. Dziko lino lili ndi lamulo la 2021 loteteza zinsinsi za anthu pa makina, woyang'anira wake ndi POTRAZ, bungwe la boma loona za mafoni ndi mtengatenga wa mauthenga, ndipo chaka chino patuluka malamulo ena, SI 155 ya 2024, ofuna kuti osunga zambiri za anthu akhale ndi laisensi. Chimene sunatole sungachitaye. Tatsala ndi dzina, nambala ya foni, nambala ya m'buku ndi mayina a odalira membalayo. Malo olembapo matenda, amene wina anapempha, sitiika. Za laisensi ndapempha loya atiunikire mwezi uno usanathe.

Disembala, sabata yachiwiri

Ndinakumana ku Avondale ndi bwana amene amatithandiza ndi ndalama. Anabwera ndi zinthu zitatu: akufuna chiwerengero cha anthu amene atsitsa pulogalamu, akufuna ndondomeko ya chaka chamawa yokhala ndi madeti, ndipo akuti atipatsa olemba khodi ena awiri kuti zonse zithe Khrisimasi isanafike.

Za kutsitsa ndinawafotokozera kuti pulogalamuyi imakhala pa mafoni awiri kapena atatu pa bungwe lililonse, mamembala ena onse amangolandira SMS. Nambala imeneyo idzakhala yaing'ono mpaka kalekale, ndipo tikayamba kuithamangitsa tidzayamba kumanga zinthu zokopa achinyamata kuti atsitse, zocheza zija ndi zithunzi, msungichuma n'kumuiwala. Bwanayo amakonda ma OKR, njira yolemba cholinga ndi zoyezera zake imene Andy Grove anayambitsa ku Intel ndipo John Doerr anapita nayo ku Google mu 1999, choncho ndinawalembera m'chilankhulo chawo chomwecho. Cholinga: msungichuma azitseka mwezi popanda mkangano. Zoyezera: kodi ndalama za m'chitini, za m'buku ndi za mu foni zikufanana pa tsiku lotseka, kodi mizere ikulembedwa msonkhano uli mkati kapena akukopera pambuyo pake, ndi kodi bungwe likugwiritsabe ntchito pulogalamu pakatha miyezi itatu popanda ife kuliimbira. Chachiwiricho ndi chimene ndikuchiyang'anitsitsa. Ku Mbare, chisinthireni mayina kuti atsate dongosolo la m'buku, amayi aja ayamba kupatsa mdzukulu wawo foni kuti azilemba iwo akulandira ndalama. Sitinaganizepo zoti wogwira foni angakhale mwana wa sekondale, ndipo zikukhudza nkhani ya PIN.

Madeti ndinakana mwaulemu. Ndinawapatsa pepala la magawo atatu: zimene tikupanga panopa, zotsatira, ndi zimene tikuziganizira chabe. M'dziko limene ndalama ikhoza kusintha Lachisanu masana, deti la mu Ogasiti chaka chamawa lingakhale bodza lolembedwa bwino. Za anthu owonjezera ndinati abwere mu Febuluwale. Fred Brooks ananena kale mu 1975 kuti kuthira anthu pa ntchito ya mapulogalamu imene yachedwa kumaichedwetsanso, ndipo kwa ife n'zoonekeratu: wowaphunzitsa ndi yemweyo amene ali pakati pomanganso zosungira. Sanasangalale kwenikweni, koma anavomera, n'kupempha kuti Januwale ndipite nawo ku msonkhano wa ku Mbare. Ndawachenjeza kuti kumeneko sakalankhula.

Play Store idikirenso. Akaunti yatsopano ya munthu payekha imafunika kuyesa pulogalamu ndi gulu la anthu kwa masiku 14 isanaloledwe kutuluka poyera, pamene ya kampani imafuna nambala yozindikiritsa kampani yotchedwa D-U-N-S, imene sitinaitenge. Pakadali pano fayilo ya APK, yoikira pulogalamu pa foni, tikuiika tokha pa foni ya msungichuma, ndipo zikutipatsa mpata woona foniyo. Zambiri ndi za itel ndi Tecno zodzaza ndi mavidiyo a pa WhatsApp, malo otsala ochepa kwambiri. Wa Android ndamupatsa malire a kukula kwa fayilo, asawadumphe popanda kundiuza.

Disembala, sabata yachitatu

Mmene zilili potseka chaka. Zosungira zatsopano zatuluka ndipo zayenda pa msonkhano wa ku Highfield popanda mzere wosowa. Pepala la mwezi likusindikizidwa m'mabungwe awiri. A ku Mabvuku apempha zilembo zikuluzikulu, achikulire akulephera kuwerenga likapachikidwa. Buku la chipepeso lili pakati. La ku Mufakose liyamba Januwale, mayina akulowetsedwa.

Za mtengo sitinamange. Mpaka pano mabungwe sakulipira kanthu, SMS tikulipira ndife. Ndinafunsa makomiti onse atatu, osati kuti angalipire zingati, koma kuti panopa amawononga zingati pa mabuku a malisiti, mafotokope ndi ma airtime oimbira otsalira. A ku Highfield anayankha ndi manambala, ena awiri akuti akaonetsetsa. Maganizo anga ndi mtengo umodzi pa bungwe pa mwezi, wovomerezedwa pa msonkhano waukulu ndi kulembedwa m'buku ngati ndalama ina iliyonse yotuluka, osati kudula pa chopereka cha munthu aliyense. Wa seva akuti bungwe la anthu ambiri limadya SMS zambiri, mtengo umodzi utipweteka. Ali ndi mfundo. Tiwerengera bilu ya Disembala ikabwera.

Chimene chalowa pamwamba pa bolodi mosayembekezeka n'chakuti ku Highfield kuli chisankho cha komiti Lamulungu lachiwiri la Januwale, ndipo msungichuma wanena kuti saimanso. Buku lachikuto chakuda amangopatsirana pamaso pa gulu, chitini pamwamba. Zathu zili pa foni ya mwini wake, yotsekedwa ndi PIN yake, ndipo njira yosamutsira udindo kwa munthu wina mu pulogalamu mulibe. Pafunika kuti wapampando ndi mlembi avomereze onse awiri, wakale atsekeredwe kulemba koma azitha kuona zimene analemba m'nthawi yake, ndipo mamembala alandire uthenga wonena amene akulandira ndalama tsopano. Wojambula maonekedwe ayamba zojambula Lolemba. Wa Android abwerako ku tchuthi pa 6 Januwale, ndiye kuti ali ndi sabata imodzi yokha, ndipo buku la chipepeso lisunthidwanso.